CITOFU CA GASI CIKAYAMBA KUBVUTA KU PALABANA

PALABANA, dera la m'boma la Chongwe kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, limadziwika kaamba ka ng'ombe za mkaka ndiponso sukulu yace yophunzitsa ulimi wa mkaka. Monga m'madera ena ozungulira Lusaka, kumeneko nakonso citofu ca gasi cayamba kupikisana ndi mbaula.

Cimene cinafulumiza zimenezi ndi cilala. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika koopsa, ndipo pofika mwezi wa September magetsi anali kuzima maola oposa 20 pa tsiku m'malo ambiri. Malasha nao anakwera mtengo. Tsono mabanja ambiri anagula zitofu za gasi zochipa: ena kamutu komangira pamwamba pa silinda yaing'ono, ena citofu ca mitu iwiri columikiza ndi paipi, enanso cokhala ndi waya woocherapo nyama.

Koma walira mvula walira matope. Pakapita miyezi, citofu cochipa cimayamba kudetsa mapoto, kucedwetsa nsima, kapena kununkha. Popeza amisiri odziwa za gasi ambiri ali ku Lusaka, mwini citofu amangocitaya pakona, kapena amacitokosa ndi waya ndi msomali. Wotayayo wataya ndalama, ndipo wotokosayo waika banja lace pangozi. Cikhalireco mabvuto ambiri a citofu ndi ang'onoang'ono, ndipo amadziwika poyang'ana lawi, pomvera kulira kwace ndi ponunkhiza.

MMENE CIMAGWIRIRA NCHITO

Gasi wophikira ndi wosakaniza wa mitundu iwiri, propane ndi butane. M'silinda amakhala ngati madzi, koma potuluka amasanduka mpweya, ndipo lita imodzi imapereka malita a mpweya okwana ngati 250. Pa citofu ca paipi, gasi amayamba wapyola m'kacipangizo kochedwa regulator, kamene kamacepetsa mphamvu yace. Kenaka amatulukira pa kabowo kakang'ono ngati ka singano kochedwa jeti, nalowa m'kampope momwe amasakanikira ndi mpweya, nkukayaka pa timabowo ta mutu wa citofu. Pakatsekeka pamodzi mwa malo amenewa, moto umasintha.

LAWI LA CIKASU NDI MWAYE

Lawi labwino limakhala la buluu, lokhazikika, lozungulira mutu wonse. Likakhala la cikasu, lalitali ndi lopaka mwaye pansi pa poto, ndiye kuti gasi sakulandira mpweya wokwanira. Kumidzi cocititsa cace kawirikawiri ndi akangaude, nyerere kapena mabvu omanga ndi dothi, amene amakonda kukhala m'kampope kaja citofu cikakhala masiku osayatsidwa.

M'nyumba za alimi a mkaka muli mdani winanso. Mkaka ukasefukira powiritsa umalowa m'timabowo ta mutu nuuma momwemo, monganso umacitira phala. Pa citofu coochera nyama, mafuta odontha amacita cimodzimodzi, ndipo akaunjikana amayaka okha.

Mankhwala ace ndi kuyeretsa. Silinda itsekedwe, citofu cizizire, mutu ucotsedwe ndi kubviikidwa m'madzi ofunda a sopo, nukwecedwe ndi mswaci wakale. M'kampope mupisidwe nthenga ya nkhuku kapena kaudzu kolimba. Zonse ziume bwino zisanabwezeredwe.

Lawi la cikasu si la kunyozera. Gasi wosapsa bwino amatulutsa mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Ulibe fungo, umayamba ndi mutu ndi cizungulire. Ndico cifukwa cace zenera liyenera kukhala lotsegula pophika, ndipo citofu coochera nyama malo ace ndi pabwalo basi.

MOTO WOCEPA

Moto ukacepa, coyamba nkudziwa ngati gasi alimo. Pa silinda iliyonse pamadindidwa kulemera kwace ilibe kanthu. Sikelo yopimira cimanga ikaonetsa makilogilamu 14, pamene pa silinda padindidwa 11, ndiye kuti watsala gasi wa makilogilamu 3. Popanda sikelo, madzi ofunda atsanuliridwe m'mbali mwa silinda. Pogwira ndi dzanja, pamene payambira kuzizira ndi pamene gasi walekeza.

M'mawa wa June ndi July, silinda yotsala pang'ono kutha imapereka moto wofooka, cifukwa butane amaleka kusanduka mpweya kuzizira kukafika pafupi ndi madigiri 0, pamene propane amapirira mpaka madigiri 42 pansi pa 0. Kuika silinda pafupi ndi mbaula kuti itenthe, kapena kuigoneka kuti gasi wotsala atuluke, ndiko kuitana maliro. Silinda yogona imatumiza gasi wamadzi ku citofu, ndipo lawi limabuka mpaka kudenga.

Ngati gasi alimo, paipi siinapindike, koma moto ndi wocepabe, ndiye kuti jeti yatsekeka ndi fumbi. Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Jeti ndi ya mkuwa wofewa, ndipo singano kapena waya umakulitsa bowo lace. Bowo likakula gasi amacuruka kuposa mpweya, lawi limakhala la cikasu mpaka kale, ndipo silinda imatha msanga. Jeti imasulidwe ndi kupemereredwa ndi pampu ya njinga. Zikakanika, igulidwe yatsopano ya nambala yomweyo, pakuti mtengo wace ndi wocepa poyerekeza ndi citofu.

MOTO WOLIRA

Nthawi zina moto umaphulika pang'ono poyatsa nuyamba kubangula mkati mwa kampope. Citofu cizimitsidwe pomwepo, pakuti timabowo tatsekeka kapena mutu sunakhale bwino pamalo pace. Lawi lothawa pa mutu ndi mkokomo limasonyeza kuti gasi akubwera ndi mphamvu yopitirira. Izi zimacitika regulator ikaonongeka, kapena munthu akalumikiza citofu ca paipi ku silinda popanda regulator. Kamutu komangira pa silinda kanapangidwa kuti kalandire mphamvu yonse ya gasi, koma zitofu zambiri za mitu iwiri iai. Safunsa anadya phula: wogula afunse wogulitsa ngati citofu cace cifuna regulator.

FUNGO LA GASI

Bvuto loopsa koposa onse ndi kudontha. Gasi mwa iye yekha alibe fungo. Opanga amathiramo mankhwala onunkha dala kuti mphuno icenjeze munthu. Ndi wolemeranso kuposa mpweya, cotero sauluka monga utsi, koma amatsika nakhala pansi, m'makona ndi m'maenje, kuyembekeza moto.

Fungo likamveka, silinda itsekedwe, zitseko ndi mazenera zitsegulidwe, kandulo, koloboi ndi mbaula zizimitsidwe, ndipo pasakhale wokhudza swichi ya magetsi kapena wosuta fodya. Ana atulutsidwe, silinda nayo iikidwe pabwalo kutali ndi moto.

Pofuna kupeza podontha, macisa ndi oletsedwa. Madzi a sopo apakidwe pa malo onse olumikizira ndi pa paipi yonse, silinda itsegulidwe pang'ono; pamene thobvu likufufuma ndi pomwepo. Kawirikawiri wolakwa ndi kamphira kozungulira ka pakamwa pa regulator kapena pansi pa kamutu, kamene kamauma ndi kung'aluka. Kasinthidwe ndi kena kopangidwira gasi. Kuzenga pulasitiki kapena mphira wa chubu ca njinga sikuletsa kudontha.

Paipi nayo imakalamba ndi dzuwa, ndipo makoswe amaicekeca. Yong'aluka itayidwe. Paipi yothirira madzi m'dimba siyenera, pakuti gasi amaidya. Kumapeto konse kuwiri kumangidwe ndi zomangira zacitsulo, osati waya. Pa masilinda akuluakulu, nati ya regulator imamangidwa mozungulira kumanzere, mosiyana ndi citsekerero ca botolo. Ambiri aononga mazinga ace poikakamiza kumanja.

ZOSAYENERA KUKHUDZA

Pali zinthu ziwiri zimene mwini nyumba sayenera kumasula ngakhale akhale mmisiri wa njinga kapena wa cigayo: mkati mwa regulator ndi potsekera pa silinda. Regulator yoonongeka imasinthidwa. Silinda yodontha potsekera, yopindika kapena yodyeka ndi dzimbiri pansi ibwezedwe kwa wogulitsa.

Malonda a gasi m'Zambia amayang'aniridwa ndi bungwe la Boma la Energy Regulation Board, limene limapereka ziphaso kwa ocita malondawa. Odzaza mwalamulo amapima pa sikelo nasiya malo okwana ngati gawo limodzi mwa magawo asanu a silinda, kuti gasi apeze pofutukukira kukatentha, monga m'mwezi wa October. Odzaza mobisa kuseri kwa nyumba, potsanula gasi kucokera m'silinda ina, sasamala zimenezi.

Banja la ku Palabana lopita ku Lusaka kukadzazitsa gasi lingacite bwino kugulako timphira tiwiri, jeti imodzi ndi zomangira paipi. Pobwera nayo, silinda iime ciriri pa galimoto, ndipo isanayatsidwe, sopo ayambe wacita nchito yace.