Domwe, phiri la abale athu owerenga m'Chipwitikizi

Achinyamata a m'tauni ayamba kukonda mapiri masiku ano, ndipo n'zosangalatsa. Loweruka likakwana magulu amanyamuka ku Lilongwe ndi ku Blantyre, zikwama kumsana, ulendo wa ku Nkhoma, ku Bunda, ku Zomba, olimba mtima mpaka ku Sapitwa pa Mulanje, nsonga yotalika mamita 3,002. A m'chigawo chapakati ambiri amakonda phiri la Dedza, la mamita 2,198. Akafika pamwamba n'kuponya maso kumadzulo chakumwera, amaona phiri lina lalikulu kutsidya kwa malire. Limenelo ndiye Domwe, m'boma la Angónia, chigawo cha Tete, ku Mozambique, ndipo kutalika kwake ndi mamita 2,095.

Chandilembetsa nkhaniyi ndi zimene anthu amanena akaliona. Wina amati, "Aa, kumeneko n'kwathu komwe, azungu anangolakwitsa malire." Wina amati, "N'kutchire uko, n'kotsalira, ndi sukulu zomwe kulibe." Onsewa amayankhula ali chiimire pa Dedza, ndipo onsewa amawalakwira eni phiri.

Zoti kuli abale palibe angatsutse. Angoni a Maseko atabwerako ku Songea anakhazikika m'tsinde mwa Domwe cha m'ma 1870 akutsogozedwa ndi Chidyaonga, ndipo Chikuse analamulira ali kudera lomwelo. Dzina loti Angónia linachokera kwa iwo. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linadutsitsa malire pamtunda pamene madzi amagawikana, ena kulowera kunyanja ndi ku Shire, ena ku Zambezi, motero ufumu unang'ambika pakati. Gomani, mwana wa Chikuse, anaphedwa ndi Angerezi mu 1896, pomwe Domwe anatsalira m'manja mwa Apwitikizi. Lero msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu m'malo ena ndiwo malire enieniwo, ndipo zina mwa mbatatesi ndi kabichi zimene timagula pa Lizulu zimalimidwa kutsidya. Koma zaka zoposa 130 za maboma awiri si masewera. Kwa ine, pamene zakazo zinasiya chipsera chachikulu ndi m'kalasi.

Mwana wa ku Domwe amakula ndi chinenero chathu chomwechi, chimene boma lawo limachitcha Chinyanja. Akalowa sukulu amakumana ndi Chipwitikizi, ndipo ndi chimene adzalembere mayeso, kalata yofunsira ntchito ndi dandaulo ku ofesi ya boma. Mukamakwera phiri ndi mnyamata wa kumeneko mumamvana zonse. Mucheza za mvula ya chaka chino, za mtengo wa feteleza, za maliro a atsibweni ake okwatira ku Ntcheu, mpaka mupeza kuti agogo anu ndi ake anali a mfunda umodzi. Nkhani ikangofika pa nambala, kaya ndi nthawi yonyamukira, tsiku lobwerera kapena ndalama zoti mumulipire, lilime lake limakhotera ku Chipwitikizi, lanu ku Chingerezi. Apa ndi pamene Mmalawi amayambira kudzimva. Amaiwala kuti nayenso akuwerenga m'chinenero cha atsamunda, n'kuganiza kuti mnzakeyo ndi mbuli chifukwa sakumva nambala za Chingerezi. Chonsecho mwina mnyamatayo anamaliza kalasi 12, mwinanso akuphunzira zaulimi pa nthambi ya Universidade Zambeze yomwe ili pa Ulongwe, likulu la bomalo.

Zimandiwawa kuti ife tinazolowera kuyeza nzeru za munthu ndi Chingerezi chake. Tikawoloka malire timanyamula muyeso womwewo. Wapolisi akatifunsa mapepala m'Chipwitikizi timakwiya, timati akutizunza dala, osaganiza kuti mwina kwawo ndi ku Nampula kapena ku Maputo ndipo Chichewa sachidziwa. Dziko lawo lili ndi zinenero zambiri, ndipo atalandira ufulu mu 1975 anasankha Chipwitikizi kuti chikhale cha boma. Chikwangwani cha pachipatala, lisiti ya m'sitolo, chiphaso cha galimoto, zonse zili m'chinenerocho. Amene sadziwa kuwerenga kumeneko ndi ife alendo.

Maganizo oti n'kotsalira ali ndi pochokera. Nkhondo yapachiweniweni isanathe mu 1992, Malawi inasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo Dedza ndi Ntcheu analandira ochuluka ochokera ku Angónia. Tinawaona akubwera ndi mitolo pamutu, ana kumsana, sukulu zawo zitatsekedwa kapena kuwotchedwa. Tinawalandira bwino, ndipo pamenepa tiyenera kunyada. Vuto n'lakuti chithunzi cha masiku amenewo chinatikanirira m'maso, ngakhale papita zaka zoposa 30. Ana ena amene anathawira kuno anaphunzirako m'sukulu zathu, ndipo lero ndi akuluakulu oyankhula Chichewa, Chipwitikizi ndi Chingerezi chomwe. Ndi Amalawi angati a m'malire amene angayankhe moni wa Chipwitikizi?

Palinso chinthu china chimene tingaphunzire kwa iwo. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma la Mozambique linayesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri, ndipo Chinyanja cha ku Tete chinali chimodzi mwa zinenero ziwiri za makolo zimene anayambira nazo. Kuyambira mu 2003 njirayi inaloledwa m'sukulu zina za pulayimale: mwana ayambe kuwerenga m'chinenero cha amayi ake, Chipwitikizi chizilowa pang'onopang'ono. Si sukulu zonse zimene zimatero, ndipo mabuku ndi osowa. Komabe taonani kumene aliyense akulowera. Ife amene Chichewa chathu chinakhala chinenero cha fuko mu 1968 tinalengeza mu 2014 kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira sitandade 1. Pamene abale athu amatsegulira chinenerochi chitseko cha kalasi, ife timachikankhira panja.

Tsono amene akufuna kukwera Domwe apite monga mlendo wodziwa kuti kwa eni kulibe mkuwe. Dutsirani pachipata cha Dedza, chimene kutsidya amachitcha Calómuè, mapepala anu adindidwe, ndipo musinthiretu ndalama kuti mukhale ndi metikali. Njira zachidule za m'minda asiyireni eni dera amene amadziwana ndi mafumu awo. Musayembekeze zimene munazolowera pa Mulanje, kumene kuli nyumba zogona m'phiri monga Chambe, Lichenya ndi Thuchila, komanso onyamula katundu amene mitengo yawo ndi yodziwika kale. Domwe ndi phiri la anthu olima m'mbali mwake, kudyetsamo ng'ombe ndi kutolamo nkhuni. Ulendo wake umayambira pakhomo pa mfumu. Khalani pansi, ombani m'manja, nenani kuti, "Wawa, ndife ana anu ochokera ku Malawi, timati tione phiri." A mfumu ndiwo angakupatseni mnyamata wodziwa njira, wodziwa pamene pali madzi, komanso nkhalango za manda ndi dambwe zimene mlendo salowamo. Za malipiro ake gwirizanani musananyamuke, ndipo nambalayo ilembedwe papepala kuti onse muione.

Nyengo yabwino ndi kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, mvula itatha, miyala isakuterera. Kuzizira kwa Juni ndi Julayi n'kofanana ndi kwa ku Dedza, choncho jekete yokhuthala isatsale, ndipo nkhungu ikatsika imani, mumvere amene akukutsogolerani. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umaphimba kutali, maso sapita patali. Nyamukani kum'mawa, nyamulani madzi okwanira, musayatse moto paudzu wouma, ndipo mapepala ndi mabotolo anu mutsike nawo. Kunja kukayera, pamwamba pake mudzaona minda ya Angónia itayalana mbali zonse, ndipo chakum'mawa mudzaona mapiri a kwathu momwe abale athu amawaonera tsiku ndi tsiku.

Ndikulakalaka magulu athu okwera mapiri atayamba kuyendera mapiri a m'malirewa pamodzi ndi achinyamata a ku Ulongwe, ku Domwe ndi ku Tsangano, iwo kutitsogolera kwawo, ife kuwatsogolera pa Dedza ndi pa Chirobwe. Ndipo tsiku limene tidzalembe kabuku kofotokoza njira za m'mapiriwa, mayina a mitsinje ndi mbiri ya malo, tisadzakalembe m'Chingerezi chimene iwo samva, kapena m'Chipwitikizi chimene ife sitimva. Tidzakalembe m'Chichewa, kuti mwana wa ku Lizulu ndi mwana wa ku Domwe adzathe kukawerenga onse, ndipo aliyense adzathe kukonza pamene mnzake walakwitsa za kwawo.