Masiki yogona nayo ikamavuka pakati pa usiku

Inu amene mumagona pafupi ndi munthu woliza mkonono mukudziwa kuti phokosolo limazolowereka. Chimene chimakulandani tulo ndi kachetechete amene amabwera pakati pa mkononowo. Bambo aja angoti zii, chifuwa chikukoka koma mpweya sukulowa, inu n'kumawerenga chamumtima mpaka khumi, mwina mpaka makumi awiri. Kenaka amadzidzimuka ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kupuma mwamphamvu, n'kugonanso. Kukacha sakumbukira kalikonse. Amangodandaula mutu ndi kuuma kukhosi, ndipo Lamulungu ku Misa, ulaliki usanafike pakati, amakhala atayamba kale kuwodzera.

Vuto limeneli achipatala amalitchula kuti sleep apnea. Munthu akagona, minofu ya kukhosi ndi lilime zimalefuka, ndipo mwa anthu ena zimagwera kumbuyo mpaka kutseka njira ya mpweya. Madokotala amawerenga kubanika kulikonse kumene kwatenga masekondi 10 kapena kuposerapo. Kukamachitika kasanu kapena kuposa pa ola limodzi, ndiye kuti vuto lilipo, ndipo kukafika ka 30 pa ola ndiye kuti ndi lalikulu. Nthawi iliyonse imene munthu wabanika, mpweya wabwino umachepa m'magazi ndipo mtima umathamanga. Zikamachitika usiku ndi usiku kwa zaka, BP imakwera n'kumakana kutsika ngakhale munthu akumwa mankhwala mokhulupirika, ndipo chiopsezo cha sitiroko ndi matenda a mtima chimakula. Kafukufuku wina wa mu 2019 adayerekeza kuti padziko lonse anthu pafupifupi 936 miliyoni a zaka za pakati pa 30 ndi 69 ali ndi vutoli. Kwathu kuno ena akadzuka usiku akubanika amayamba kukayikira achibale kuti akuwatamba, pamene vuto lili kukhosi kwawo komwe. Ndipo ngati wodwalayo ndi dalaivala wa minibasi ya pakati pa Mitundu ndi Lilongwe, kapena wa kabaza amene amadutsa mumsewu wa M1 pa Nathenje, tulo take tamasana tikukhudza anthu onse amene wawanyamula.

Chithandizo chodalirika kwa amene vuto lawo ndi lalikulu ndi makina otchedwa CPAP. Amakoka mpweya wamba wa m'chipinda n'kuukankhira m'mphuno kudzera m'paipi ndi masiki, ndipo mphamvu ya mpweyawo ndi imene imatsegula khosi usiku wonse. Dokotala wa ku Sydney, Colin Sullivan, ndi amene adasonyeza mu 1981 kuti njira imeneyi imathetsa kubanika kwa akuluakulu. Musasokoneze makinawa ndi aja opereka okisijeni amene tidawadziwa nthawi ya COVID-19, chifukwa ntchito zawo ndi zosiyana.

Kwa Amalawi CPAP si yachilendo kwenikweni. Makina a makanda otchedwa Pumani adapangidwa mogwirizana pakati pa Rice University ya ku America ndi madokotala a pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Zotsatira zimene zidasindikizidwa mu 2014 zidasonyeza kuti mwa makanda obanika amene adaikidwa pa makinawa, 71 pa 100 alionse adapulumuka, pamene mwa amene adangolandira okisijeni adapulumuka 44. Mukafunsa namwino amene adagwirapo ntchito kwa makanda, akuuzani kuti kuyatsa makina sikuvuta. Chimene chimamudzutsa pampando kangapo usiku umodzi ndi timachubu ta m'mphuno timene timasuntha, n'chifukwa chake khanda amaliveka kachipewa komangirirapo timachubuto. Kwa akuluakulunso nkhondo ili pomwepo.

Makina ambiri a CPAP amene amafika m'makomo mwathu amachokera kwa mwana kapena mbale amene ali ku Johannesburg kapena ku UK. Amabwera m'katoni limodzi ndi masiki imodzi imene wogulayo adasankha osaona nkhope ya woivala. Usiku woyamba masikiyo ikuliza likhweru, mpweya ukuwomba m'maso. Usiku wachiwiri bambo amanga malamba mwamphamvu, m'mawa adzuka ndi bala pamphuno. Pofika sabata yachiwiri makina a ndalama zambiri abwerera m'katoni pansi pa bedi, ndipo pafoni mwana uja akuuzidwa kuti zonse zili bwino.

Masiki zilipo za mitundu itatu

Yaing'ono kwambiri ili ndi timphira tiwiri tofewa timene timakhala pakhomo pa mphuno. Imakhudza malo ochepa pankhope, choncho pilo saikankha. Ngati mumagona chammbali, mumatembenukatembenuka, kapena mumaopa chinthu chophimba kumaso, yambani mwaganizira imeneyi. Ndi yabwinonso kwa abambo osunga ndevu, chifukwa ndevu zimasiya timipata pansi pa mphira pamene mpweya umathawira. Kuipa kwake n'kwakuti mphamvu ya makina ikakhala yaikulu, mpweya umalasa m'mphuno n'kuumitsamo.

Yachiwiri imaphimba mphuno yonse n'kusiya pakamwa. Anthu ambiri amakhazikika pa imeneyi, chifukwa imapirira mpweya wamphamvu koma si yolemera.

Yachitatu imaphimba mphuno ndi pakamwa pomwe. Ogulira makolo awo amaithamangira poganiza kuti yaikulu ndiyo yotetezeka, koma ine ndingaisiyire amene akuifunadi: amene mphuno zawo zimakhala zotsekeka nthawi zambiri, kapena amene amagona kukamwa kuli yasa. Masiki ikakula, mphira wokhudza khungu umatalikanso, ndipo malo othawira mpweya amachuluka. Munthu akagona tulo tofa nato chibwano chimagwa, nkhope imasintha, masiki imene inakhala bwino madzulo n'kuyamba kutulutsa mpweya m'mbali. Agogo amene mano adatha, kapena amene amachotsa mano oikirira pogona, masaya awo amalowa mkati, ndipo masiki yotereyi imavuta kwambiri kukhazikika. Ngati vuto ndi kungoyasamula pakamwa chabe, kalamba kogwira chibwano pamodzi ndi masiki ya mphuno nthawi zina n'kokwanira. Chizindikiro choti mpweya ukuthawira pakamwa ndi kudzuka kukhosi kuli gwa ngakhale mwagona ndi makina.

Mtundu ukasankhidwa, patsala saizi. Pano m'pamene wogula ali kutali amalakwitsa kwambiri, chifukwa amayeza ndi thupi: bambo ndi wamkulu, ndiye agule yaikulu. Masiki imayendera mphuno. Ambiri mwa ife tili ndi mphuno zotambalala, zosatalika pakati pa maso, ndipo masiki yopangidwira mphuno yosongoka imasiya mpata pamwamba pomwepo, mpweya n'kumawomba m'maso mpaka kufiira. Makampani ena amapanga saizi yotambalala, ena amagulitsa paketi imene muli mphira wa saizi zitatu. Pakugula koyamba paketi imeneyi ndiyo yanzeru. Mukhozanso kuyeza m'lifupi mwa mphuno ndi rula ya mwana wasukulu, kujambula nkhope kutsogolo ndi chammbali, n'kutumiza pa WhatsApp wogulayo asanapite kusitolo.

Kumanga mwamphamvu ndiko kumavula masiki

Mphira wa masiki zambiri uli ndi kakhungu kopyapyala kamene kamafufuma mpweya ukalowa, ndipo kufufumako ndi kumene kumatseka mipata. Mukakoka malamba kwambiri kakhungu kaja kamaphwanyika n'kupindika, mpweya n'kupeza njira. Inu pomva kuti ukuthawa mumakokanso, mpaka masiki iyamba kupweteka ndipo dzanja limaivula lokha muli m'tulo. Choncho poyesa masiki, gonani monga mumagonera masiku onse, makina ali oyaka, chifukwa nkhope ya munthu wokhala pansi ndi yosiyana ndi ya munthu wogona. Yambani malamba ali omasuka. Mpweya ukamathawa, ikwezeni pang'ono masikiyo kuchoka pankhope n'kuibwezera kuti mphira ufufumenso. Ukapitirira kuthawa, kokani malamba pang'onopang'ono, mbali zonse mofanana. Chala chizitha kulowa pansi pa lamba. Mizere ya pankhope ikamakhalabe mpaka dzuwa litakwera, mwamanga mopitirira, kapena saiziyo si yanu.

Pali mpweya umodzi umene simuyenera kuutseka. Kutsogolo kwa masiki iliyonse kuli timabowo timene timatulutsa mpweya nthawi zonse. Ena amaganiza kuti masiki yabooka n'kumatapo selotepi. Timabowo timeneti ndi timene timachotsa mpweya woipa umene mwapuma, ndipo kutitseka n'koopsa. Musatiphimbenso ndi bulangete.

Chachiwiri chimene chimavula masiki ndi mafuta. M'miyezi ya June ndi July, mphepo yozizira ikamawomba kuchokera ku mapiri a Dedza, tonse timadzola Vaseline kuti khungu lisatuwe. Pankhope yodzola mphira umaterera, komanso mafuta amtundu umenewu amaononga mphirawo. Dzolani m'mawa, ndipo usiku musambe kumaso musanavale masiki. Mphira wokhawo muziutsuka tsiku lililonse ndi madzi ofunda ndi sopo wosanunkhira, n'kuuyanika pamthunzi. Jik, sipiriti ndi dzuwa la October zimauumitsa msanga.

Amayi, tsitsi nalonso lili ndi mbali yake. Malamba amene anakhala bwino pa tsitsi lometa sakhalanso chimodzimodzi mukaluka kapena mukaika mesh, choncho mukasintha tsitsi yesaninso malambawo. Duku loterera limatsetsereka nawo, koma la nsalu ya thonje limawagwira. Lamba wakumbuyo azikhala m'munsi mwa nkhongo.

Kenaka pali paipi. Nthawi zambiri masiki imavuka chifukwa paipi ikulendewera kumbali kwa bedi, ndipo mukatembenuka imakoka. Kumayiko ena amagula zokolekera zake, koma ife tili kale ndi neti ya udzudzu. Lowetsani paipi pansi pa neti cha kumutu, muikweze, muimangirire momasuka ndi kachingwe kapena kansalu ku chingwe cha neti kapena pamsomali, kuti izitsikira kumaso kuchokera pamwamba n'kukhala ndi mpata wotembenukira. Pamene paipi yalowera pindirani neti bwino pansi pa matiresi kapena mphasa. Makina azikhala kunja kwa neti, pa kampando kotsikirako kuposa mutu wanu. M'nyengo yozizira nthunzi imasanduka madzi m'paipi, ndipo makina akakhala m'mwamba madziwo amatsikira kumphuno n'kukudzutsani. Kukulunga paipi ndi chitenje chakale kumachepetsa vutoli. Ogona chammbali aike mutu kumapeto kwa pilo kuti masiki ikhale panja pake.

Nanga magetsi akazima? Funso limeneli ndi lenileni kwa aliyense wodalira ESCOM, ndipo ambiri amaopa kuti afera m'masiki. Amene wavala ya mphuno amangotsegula pakamwa n'kudzuka. Yophimba mphuno ndi pakamwa ili ndi kachitseko kamene kamatseguka kokha makina akaima kuti mpweya wa panja ulowe. Kaoneni kuti kalipo ndipo sikanamatirire, ndipo mukadzuka magetsi atazima vulani masikiyo. Ogwiritsa ntchito sola ndi batire adziwe kuti mbali imene imadya magetsi kwambiri ndi yotenthetsa madzi. Mukaizimitsa, batire imakhalitsa. M'kathanki ka madziwo muyenera kuthira madzi osungunulidwa a kufamase. Akasowa, owiritsa n'kuziziritsa angathandize, koma a pamjigo amasiya zoyera zouma, choncho muzikhuthula ndi kutsuka m'mawa uliwonse. Kasefa ka kumbuyo kwa makina kamadzaza msanga ndi fumbi la chilimwe ndi utsi wa kukhitchini. Kakada, kasintheni.

Musataye mtima ndi usiku woyamba. Valani masiki masana kwa kanthawi mukumvera wailesi kapena mukupemphera korona, makina ali oyaka, kuti thupi lizolowere. Achipatala amaona ngati munthu wayamba kupindula akamagona nayo maola anayi kapena kuposa pa usiku, ngakhale cholinga ndi usiku wonse. Mukaipeza pansi m'mawa, valaninso usiku wotsatira. Apa mnzanu wa pabanja ndi wofunika kuposa wina aliyense, chifukwa ndi amene amamva likhweru la mpweya wothawa ndi mkonono ukabwerera.

Zonsezi zili ndi poyambira pake, ndipo ndi kuchipatala. Mphamvu ya mpweya imasiyana munthu ndi munthu, choncho makina a malemu achimwene kapena ogula pa kaunjika sangangoyatsidwa n'kuvalidwa. Si mkonono uliwonse umene uli sleep apnea, ndipo si aliyense wodwala amene akufunika makina. Kwa ena kuchepetsa thupi, kusiya kachasu ndi mowa wamadzulo, kupewa mapiritsi ogonetsa ndi kugona chammbali kumasintha zambiri. Chitsononkho chosokerera kumsana kwa malaya ogonera chimamuletsa munthu kugona chagada. Mwana amene amaliza mkonono usiku uliwonse n'kumapumira pakamwa kawirikawiri amakhala ndi zotupa za kukhosi kapena za kuseri kwa mphuno, ndipo chithandizo chake ndi china.

Ngati zimene mwawerengazi zikufanana ndi za m'nyumba mwanu, kapena za wina wa mumphakati mwanu, jambulani wodwalayo pafoni kwa mphindi zingapo ali m'tulo, kuti kubanikako kumveke. Pitani nazo limodzi ku Mitundu Community Hospital, ku chipatala cha mishoni cha Mlale kapena ku Nathenje Health Centre, mutatenga buku lake lakuchipatala. Akamuyeze BP ndi shuga, ndipo mufunse ngati pakufunika kalata yopitira ku Kamuzu Central Hospital. Ngati makina alipo kale, anyamuleni pamodzi ndi masiki yake. Ndipo mwana uja akadzaimbanso kuchokera ku Johannesburg, muuzeni zoona za mmene masikiyo ikukhalira, mumupatse dzina lake ndi saizi yolembedwa pa mphira, ndipo pa katundu wotsatira aikemo mphira wapadera ndi malamba, chifukwa zimenezi zimatha pakangopita miyezi pamene makina akadali bwinobwino.