Kupaka kapena kukhula: miyala ya ana a pa Chonde

Miyala ya m'mitsinje yotsika m'phiri la Mulanje, monga Thuchila ndi Likhubula, imanamiza ana. Ili m'madzi imanyezimira, ina yakuda bii, ina yamawangamawanga. Koma mwana akafika nayo kunyumba pa Chonde amapeza yauma, yatuwa mbuu. Chinsinsi chake n'chakuti madzi amadzaza timaenje tosaoneka ndi maso, ndiye kuwala kumabwerera mbali imodzi m'malo momwazikana. Wofuna kuti mwala uziwala uli wouma ayenera kudzaza timaenjeto ndi chinthu chokhalitsa kapena kutichotseratu.

Kudzaza n'kosavuta. Mwana atsuke mwala ndi sopo, auyanike, aupake Vaseline kapena kadontho ka mafuta ophikira, kenako aupukute ndi kansalu. Sizitenga ngakhale mphindi zisanu. Vuto ndi fumbi. Mu Okutobala, galimoto zikadzadza pa Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, mwala wamafuta woikidwa pakhonde sufika madzulo usanadetsedwe. Polishi wa pansi wopanda mtundu amagwirako bwino. Vanishi wa akalipentala kapena Cutex wosaoneka mtundu amakhala miyezi, koma fungo lake ndi loopsa kwa ana aang'ono, choncho apakire panja pali munthu wamkulu. Kwa ine vanishi amawalitsa mopitirira muyezo, mwala umaoneka ngati switi yonyambitidwa.

Kukhula, komwe kumachotseratu timaenjeto, kumafuna kupirira, ndipo si mwala uliwonse umalola. Mu 1812 Friedrich Mohs wa ku Germany anaika miyala pa muyezo wa kulimba, kuyambira 1 mpaka 10. Mwala woyera wa quartz uli pa 7, feldspar yemwe ndi wochuluka m'matanthwe a syenite ndi granite a phiri la Mulanje ali pa 6, pamene msomali wamba ndi wofewa kuposa yonseyi. Ndiye mwana ayambe wakanda mwala wake ndi msomali. Ukalembeka mzere wolowa, mwalawo ndi wofewa ndipo usalala m'masiku ochepa. Msomali ukangoterereka, akonzekere masabata, pakuti ngakhale makina ogubuduza miyala a kunja amatha pafupifupi mwezi.

Sandipepa woyenera ndi wakuda uja amagwiritsa ntchito owongola galimoto, chifukwa sawonongeka m'madzi. Kuyamba ndi wokhakhala wa nambala 80, kubwera 220, 400, 600, osalumpha, chifukwa aliyense amafufuta mizere ya mnzake wam'mbuyo. Mwala ukhale wonyowa nthawi yonse. Fumbi la quartz likalowa m'mapapo silituluka. Amayi ozira nyumba amadziwa zotsatira za kukhula: mwala wawo wokulungizira pansi umawala popanda kupakidwa kanthu, ndipo ungautsuke bwanji kuwalako sikuchoka.

Mwana wa zaka zisanu musamupatse sandipepa, atopa asanaone kusintha n'kutaya mwalawo kuseri kwa nyumba. Mupatseni Vaseline. Wa Sitandade 5 kapena 6 angathe kukhula mbali imodzi yokha ya mwala wophwatalala, ina n'kuisiya yokhakhala kuti aziyerekeza. Koma miyala ya phada isapakidwe chilichonse: imaterereka m'manja, ndipo anzake sangamulole kubwereza chifukwa cha mafuta.