Wapansi kuchoka ku Mtandire mpaka ku Kanengo

Nthawi imene ndinkakhala pa lendi ku Mtandire, bambo wa khomo loyandikana nane anali mlonda ku Kanengo. Ankanyamuka dzuwa lidakali pamutu, wapansi, chipanda cha mbatata chili m'jumbo, chifukwa akanati azikwera minibasi tsiku ndi tsiku, malipiro ake akanathera m'manja mwa kondakitala.

Ndikamva wina akunena kuti osauka a m'tauni ndi aulesi, ndimakumbukira bamboyu. Ntchito amagwira ndithu, kungoti ntchitoyo siiwadyetsa. Mu 2024 boma linakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa K90,000 pamwezi, koma apo n'kuti kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ufa, makala ndi lendi zinali zitathamanga kale.

Ntchito yabwinoko imafuna setifiketi ya MSCE, pomwe bamboyu anasiyira Fomu 2 posowa fizi. Maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA alipo, inde, koma munthu amene akajomba ku ganyu ana amagona ndi njala, angakhale bwanji m'kalasi miyezi yambirimbiri? Ndiye pali kudziwana. Malo ambiri a ntchito akatseguka salengezedwa, amanong'onezana pachibale kapena kutchalitchi.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti bwana wake sanam'patse kalata ya ntchito. Atam'chotsa patapita zaka zitatu, anapita ku ofesi ya zantchito alibe umboni uliwonse kupatula yunifolomu yong'ambika pakolala.