Mabuku olembedwa kuchokera ku makomiki a ngwazi

Mabuku olembedwa kuchokera ku makomiki a ngwazi ndi mabuku ofotokoza m'mawu okhaokha nkhani zomwe poyamba zidatuluka m'zithunzi zojambula pamanja. Ngwazi zake ndi zija za mphamvu zoposa za munthu wamba, monga Superman, Batman, Spider-Man ndi Black Panther. Ena mwa mabukuwa amabwereza nkhani yomwe idatuluka kale m'komiki, pamene ena amatenga ngwazi yodziwika n'kuipekera nkhani yatsopano.

Mbiri

Superman, yemwe adapekedwa ndi Jerry Siegel ndi Joe Shuster, adaonekera koyamba mu 1938 ku America. Mu 1942 George Lowther, yemwe ankalemba masewero a Superman a pa wailesi, adatulutsa buku lotchedwa The Adventures of Superman. Bukuli lidafotokoza mwatsatanetsatane ubwana wa ngwaziyi, ndipo mayina omwe lidapereka kwa makolo ake omubereka, Jor-el ndi Lara, adakhazikika ngakhale m'makomiki a pambuyo pake.

Mu 1992 kampani ya DC Comics idatulutsa nkhani ya imfa ya Superman. Nkhaniyi, pamodzi ndi ya kuuka kwake, idamwazikana m'timabuku tambiri totuluka sabata ndi sabata. Roger Stern, mmodzi mwa alembi ake, adaisonkhanitsa m'buku limodzi la The Death and Life of Superman mu 1993. Dennis O'Neil adachita chimodzimodzi ndi nkhani ya Batman yotchedwa Knightfall mu 1994.

Black Panther, mfumu ya dziko lopeka la mu Africa lotchedwa Wakanda, adapekedwa ndi Stan Lee ndi Jack Kirby mu 1966. Mu 2017 mtolankhani Jesse J. Holland adalemba buku la Who Is the Black Panther? potsatira komiki ya Reginald Hudlin ndi John Romita Jr. ya mu 2005.

Ubwino ndi zofooka zake

Mphamvu ya komiki ili m'chithunzi. Nkhonya yogwetsa nyumba imaoneka kamodzi n'kamodzi, koma kuifotokoza m'mawu kumatenga ndime yonse ndipo liwiro lake limazirala. Pa chifukwa chimenechi, buku lomwe limangolondola komiki chithunzi ndi chithunzi, ndewu ndi ndewu, limatopetsa, ndipo wowerenga amapindula kwambiri akapeza komikiyo.

Mawu amapambana pa zinthu zosajambulika: maganizo, mantha, manyazi ndiponso kulemera kwa chinsinsi chomwe ngwazi imabisira abale ake. Chitsanzo ndi buku la Jason Reynolds la mu 2017, Miles Morales: Spider-Man. Gawo lalikulu la bukuli silikamba za ndewu ayi, koma za mnyamata wa ku Brooklyn amene akulimbana ndi tsankho kusukulu komanso nkhawa yakuti angatsate mapazi a mchimwene wa bambo ake yemwe anali chigawenga.

Ubwino wina ndi wa ndalama ndi nthawi. Nkhani yomwe ikadafuna kugula timabuku tambiri ta zithunzi za mitundu imapezeka yonse m'buku limodzi. Buku la mawu limathekanso kuwerengera ena mokweza kapena kulijambula kuti limvedwe ndi khutu, zomwe zimathandiza anthu osaona.

Ku Malawi

Amalawi ambiri adadziwa ngwazizi kudzera m'mafilimu osati m'makomiki, makamaka m'nyumba zoonetsera mavidiyo za m'misika monga Ntaja, Liwonde ndi Balaka, momwe mafilimu akunja amaonetsedwa atamasuliridwa m'Chichewa. Mu filimu ya Black Panther ya mu 2018 mudasewera Connie Chiume wa ku South Africa, yemwe bambo ake adachokera ku Nkhata Bay. Iye adamwalira mu 2024.

Mabuku onse omwe atchulidwa pamwambapa adalembedwa m'Chingerezi. Kwa wophunzira amene adaonera kale filimu, ichi chikhoza kukhala chothandiza: popeza mayina ndi khalidwe la ngwazi akuzidziwa, savutika kutsatira nkhani ngakhale akumane ndi mawu achilendo, ndipo amazolowera kuwerenga buku lalitali mpaka kumapeto.