Zilengezo za m'ndeke ndi makutu athu

Mwezi watha tinaperekeza amai ena okalamba a mumphakati wathu kuno ku Ipusukilo paulendo wa ku Lusaka, kumene mwana wao anawakonzera zokaonana ndi dokotala wa maso. Mwanayo, poona kuti msana wa amai ake sungapirire maola ambiri m'basi, anatumiza matikiti awiri a ndeke. Amaiwa anabwera kuno ku Migodi kucokera ku Katete akali mtsikana, amuna ao atapeza nchito ku Nkana, ndipo kufikira tsikulo ndeke ankangoionera m'mwamba. Ifenso sitingadzitame, unali ulendo wathu wacitatu cabe.

Tinakwerera pa bwalo la Simon Mwansa Kapwepwe ku Ndola, latsopano lija limene linatsegulidwa mu 2021. Ulendo wa m'mwamba sunakwane ngakhale ola limodzi, koma pakanthawi kocepako cimkuzamau cinalankhula kasanu ndi katatu. Tinawerenga, cifukwa nthawi iliyonse amai aja ankatikoka malaya.

“A Katekisi, akuti ciani? Kodi kwagwa zoopsa?”

“Iai amai, akungotilonjera,” tinkayankha motero, kapena, “Akuti timange lamba.”

Ndeke itayamba kugwedezeka pakati paulendo, mau a mwamuna n'kumveka, amai anatulutsa kolona. Zilengezo zonse zinali m'Cingelezi, ndipo iwo sanatolepo kanthu.

Koma amene anatidabwitsa kwambiri ndi anzathu ena a masuti ndi makompyuta, amene Cingelezi amacimva bwino lomwe. Pamene mtsikana wogwira nchito m'ndeke anaimirira kutsogolo kusonyeza mamangidwe a lamba ndi malo a makomo, palibe ndi mmodzi yemwe anadzutsa mutu. Wina anali pa foni, wina anali atatseka makutu ndi nyimbo, wina anali atayamba kale kusinza. Ife amene timawerenga zilengezo m'chalichi tsiku la Mulungu lililonse tinamumvera cifundo mtsikanayo, pakuti nkhope zotere timazidziwa.

AMALANKHULA KANGATI?

Paulendo waufupi monga wa Ndola ndi Lusaka, zilengezo zambiri zimacokera kwa anyamata ndi atsikana ogwira nchito m'ndeke. Amalonjera anthu polowa ndi kuwauza poika katundu. Zitseko zikatsekedwa amafotokoza za citetezo. Ndeke ikakwera ndi kukhazikika amanena ngati munthu angamasule lamba ndi kuimirira. Ikayamba kutsika amauza anthu kuongola mipando ndi kupinda timatebulo. Ikatera amacenjeza kuti aliyense akhalebe pansi kufikira itaimiratu. Woyendetsa wamkulu, amene amachedwa kaputeni, kawirikawiri amalankhula kamodzi kapena kawiri: kuchula dzina lake, kunena za nyengo ndi nthawi yofikira, kapena kucenjeza kuti kutsogolo kuli mphepo yogwedeza.

Moni wa kaputeni umadalira mwambo wa kampani ndiponso cibadwa ca munthuyo. Ena ndi okamba-kamba, ena ndi ofatsa, ndipo paulendo wautali wa usiku ambiri amacepetsa mau kuti anthu agone. Koma cilengezo ca citetezo sicidalira kufuna kwa munthu. Bungwe la United Nations loona za ndeke, ICAO, limene likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada, linaika lamulo lakuti wokwera aliyense adziwitsidwe za lamba, makomo othawirapo, cophimba kumaso copereka mpweya ndi jekete yoyandamira pamadzi. Kuno kwathu bungwe la Civil Aviation Authority ndilo limaona kuti makampani akutsata zimenezi. Ndiye cifukwa cake ngakhale m'ndeke mutakhala anthu okhaokha amene anakwerapo kambirimbiri, mtsikana uja adzaimirirabe ndi kubwereza zonse. Sadziwa kuti pakati pao ndani ali ngati amai aja a ku Katete.

KAPUTENI AKAKHALA CETE

Amai aja anadandaulanso kuti ponyamuka ndi potera, pamene mtima uli m'mwamba, kaputeni sananene kanthu. Tinawafotokozera kuti kukhala cete kumeneko ndi kwa lamulo. Mu 1974 ndeke ya kampani ya Eastern Air Lines inagwa pafupi ndi mzinda wa Charlotte ku America, ndipo anthu oposa 70 anafa. Ofufuza anapeza kuti oyendetsa anali kuceza nkhani zina pamene anafunika kuyang'ana kutalika kwa ndeke kucokera pansi. Mu 1981 boma la America linakhazikitsa lamulo lakuti ponyamuka, potera, ndi pamene ndeke ili pansi pa mafiti 10,000, kutanthauza mamita pafupifupi 3,000, oyendetsa asalankhule ciliconse cosakhudza kuyendetsa. Mwambo umenewu unafalikira m'maiko ambiri.

Oyendetsa amaphunzitsidwanso ndondomeko ya zinthu zitatu pakagwa vuto. Coyamba ndi kugwira ndeke kuti iziuluka, caciwiri ndi kudziwa kumene ikulowera, ndipo kulankhula kumabwera pacitatu. Mlimi amene ng'ombe zapulumuka ndi khasu lake sayamba kufotokozera anthu a pamseu, amayamba wagwira cingwe. Motero kaputeni akacedwa kulankhula, nthawi zambiri ndiye kuti manja ake ali pa nchito.

MAU ALIWONSE ANAGULIDWA NDI MIYOYO

Zimene amatibwerezerazi zimaoneka zotopetsa, koma pafupifupi ciliconse cinalowa m'cilengezo cifukwa kwinakwake anthu anafa kapena kuvulala.

Titenge jekete ya pamadzi. Amatiuza kuti tiivale koma tisaifufumitse tikali m'kati. Pa 23 November 1996 ndeke ya Ethiopian Airlines yocokera ku Addis Ababa kupita ku Nairobi inalandidwa ndi anthu atatu amene anaumiriza woyendetsa, Leul Abate, kuti awapititse ku Australia. Mafuta anatha, ndipo ndeke inagwera m'nyanja pafupi ndi gombe la zilumba za Comoros. Mwa anthu 175, okwana 125 anafa. Ambiri a iwo anali atafufumitsa majekete ali m'kati, ndipo madzi atalowa majeketewo anawakankhira kudenga, n'kulephera kumira pang'ono kuti atulukire pakhomo. Cinthu cimene cinapangidwa kuti ciwapulumutse cinawatsekera m'kati cifukwa ca mau ocepa amene sanamveke kapena sanasungidwe.

Titenge katundu. Ndeke yaikulu isanaloledwe kunyamula anthu, opanga ayenera kusonyeza kuti onse angatuluke m'masekondi 90 pogwiritsa nchito theka cabe la makomo. Munthu mmodzi woima kutsegula kabati kuti atenge cikwama amadya masekondi a anzake onse a kumbuyo. Pa 2 January 2024 ndeke ya Japan Airlines inaombana ndi ndeke ina yaing'ono potera pa bwalo la Haneda ku Tokyo, ndipo inayaka moto. Cimkuzamau cinaleka kugwira nchito, ogwira nchito anacita kufuula ndi pakamwa ndi zokuzira mau za m'manja. Anthu anamvera, anasiya katundu, ndipo onse 379 anatuluka amoyo ndekeyo isanapseretu. M'ndeke yaing'ono ija munafa anthu asanu.

Titenge lamba. Amati ngakhale nyali itazima, mukakhala pansi mangani. Mu May 2024 ndeke ya Singapore Airlines yocokera ku London inakumana ndi mphepo yoopsa mwadzidzidzi, ndipo amene sanamange anaponyedwa kudenga. Munthu mmodzi anamwalira, ambiri anavulala.

Nanga cophimba kumaso cija? Ife makolo timakhumudwa tikamva kuti tiyambe tavala ife tisanaveke mwana. Cifukwa cake n'cakuti pamtunda umene ndeke zazikulu zimaulukira mpweya ndi wocepa kwambiri, ndipo ukatha m'kati munthu angakomoke mphindi imodzi isanathe. Kholo likakomoka, mwana adzavekedwa ndi yani?

KUMVA NDI KUYANKHA

Pali nkhani ina imene imatiphunzitsa kuti kumvetsera sikutanthauza kungogwedeza mutu. Pa 8 January 1989 ndeke ya British Midland yocokera ku London kupita ku Belfast inaonongeka injini ya kumanzere. Oyendetsa, amene sangaone bwino mainjini kucokera pamene amakhala, analakwitsa n'kuzimitsa ya kumanja imene inali yabwino. Kaputeni analengeza kuti vuto linali ku injini ya kumanja ndipo aizimitsa. Okwera ena anali ataona moto kumanzere ndi maso ao, ndipo ena anadabwa ndi mau a kaputeni, koma uthenga sunafike kutsogolo. Aliyense anaganiza kuti akuluakulu adziwa zimene akucita. Ndekeyo inagwa pafupi ndi mudzi wa Kegworth, bwalo likuonekera, ndipo anthu 47 anafa.

Kucokera pa ngozi zotere makampani anayamba kuphunzitsa oyendetsa ndi ogwira nchito m'kati pamodzi, kuti wamng'ono asaope kuuza wamkulu zimene waona. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati muli m'ndeke ndipo mwaona utsi, moto kapena madzi akudontha paphiko, itanani wogwira nchito mumuuze. Kuli bwino akuuzeni kuti palibe vuto kusiyana ndi kusunga mumtima cinthu cimene cikanapulumutsa anthu.

PEMPHO LATHU KWA ENI NDEKE

Masiku ano okwera ndeke si azungu ndi mabwana a migodi okha. Ana athu amene ali ku Lusaka, ku Johannesburg ndi kutsidya kwa nyanja amaitana makolo ao kukaona adzukulu kapena kukalandira mankhwala. Makolo amenewa ambiri sanapite patali ndi sukulu. Cilengezo cimene munthu sanamve cili ngati sicinanenedwe. Wailesi ya ZNBC imaulutsa m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri za dziko lino. Kodi n'kovuta kuti paulendo wa Ndola ndi Lusaka mau ofunika kwambiri, a lamba, makomo ndi katundu, abwerezedwe mwacidule m'Cibemba ndi m'Cinyanja? Sitipempha kuti zilengezo zicuruke. Kunena zoona zina zingacepetsedwe, cifukwa mau akacurukitsa khutu limatopa, ndipo cilengezo ca moyo cimamira pakati pa zotsatsa malonda.

KU PARISHI NDI KU MUNDA

Ambiri a inu owerenga mwina simudzakwera ndeke caka cino, koma nkhaniyi ikutikhudza tonse. Tsiku la Mulungu lililonse, ikangotha nthawi yolandira Ukalistia, timaona ena akuyamba kuzemba m'modzi-m'modzi kuti asamve zilengezo. Pa Citatu omwewo amabwera kudzafunsa tsiku la ubatizo, tsiku lolembetsa maphunziro a ukwati, kapena tsiku limene alangizi a zaulimi adzakumana ndi alimi za feteleza wa FISP. Kawirikawiri tsikulo limakhala litapita kale.

Mu February 2025 dziwe la zonyansa za mgodi linaphulika ku Chambishi, asidi n'kulowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, mbeu za m'mphepete mwa mtsinje zinapsa, ndipo madzi a m'mipope mu Kitwe anatsekedwa kwa masiku. Panthawi imeneyo cenjezo lakuti anthu asamwe madzi a mumtsinje ndi kudya nsomba zakufa linali lofanana ndi la jekete ya pamadzi lija. Amene anazolowera kutseka makutu ku zilengezo zazing'ono sangawatsegule msanga tsiku la cilengezo cacikulu. N'cimodzimodzinso ndi malangizo olembedwa pa botolo la mankhwala opopera mbeu. Amaoneka odziwika kale, koma tikudziwa anthu amene anadwala cifukwa copopera opanda cophimba pamphuno kapena kusungira madzi akumwa m'cigubu ca mankhwala.

Nafenso olengeza tili ndi mlandu wathu, ndipo tikuuvomera. Nthawi zina timawerenga mapepala kwa theka la ola, maina a makomiti onse ndi ndalama za mphakati uliwonse, mwakuti cilengezo ca katemera wa ana cimafika anthu atatopa kale. Kwa a m'ndeke taphunzirapo zitatu: kuyamba ndi cimene cikhudza moyo, kunena mwacidule, ndi kukhala cete pamene kulankhula kungasokoneze nchito. Tayamba kuyesa zimenezi m'chalichi mwathu.

Kwa inu amene mwana wakutumizirani tikiti, malangizo athu ndi awa. Mukakhala pampando, yang'anani khomo limene lili pafupi, ngakhale lili kumbuyo kwanu, ndipo werengani mizere ya mipando kufika pamenepo, cifukwa mu utsi maso sathandiza. Tengani kapepala ka zithunzi kali m'thumba la mpando wa kutsogolo, kamamveka ngakhale kwa wosadziwa kuwerenga. Ngati Cingelezi cikuvutani, uzani wogwira nchito polowa pomwe kuti akufotokozereni pambali, imeneyo ndi nchito yake. Safunsa anadya phula.

Pobwerera ku Ndola amai aja anacita zomwezo. Anaitana mtsikana wa m'ndeke, nati, “Mwana wanga, ine Cizungu sindimva, undiuze m'cathu.” Mtsikanayo anagwada pambali pa mpando, nawafotokozera zonse m'Cinyanja ca ku Lusaka, ndipo anawayesa kumanga ndi kumasula lamba kawiri. Ndeke itagwedezeka, amai anagwira lamba kuona ngati ndi lolimba, kenaka n'kupitiriza kolona yao. Tsiku la Mulungu lotsatira tinawaona atakhala pa benchi yao kufikira cilengezo comaliza.