Banja Limene Linabisira Amai Ao Zoona

Pa mafilimu a ku Germany amene taonerapo, ilipo imodzi imene yakana kuticoka m'maganizo. Dzina lake ndi Was bleibt, ndiko kunena kuti cimene cimatsala. Anaikonza ndi Hans-Christian Schmid, ndipo inaonetsedwa koyamba pa cikondwerero ca mafilimu ku Berlin m'caka ca 2012. Schmid yemweyu ndiye anakonzanso Requiem mu 2006, nkhani ya mtsikana wa m'banja la Cikatolika.

Marko, amene akhala ku Berlin, akwera sitima pamodzi ndi kamwana kake kukaceza kwa makolo kumapeto kwa sabata. Atate ake, a Günter, angogulitsa kumene kampani yao yosindikiza mabuku. Mng'ono wake Jakob, dokotala wa mano, alinso pomwepo. Onse ali pa cakudya, amai ao, a Gitte, aulula kuti analeka kumwa mankhwala a matenda a maganizo amene anawamwa kwa zaka zambiri. Pempho lao ndi limodzi: aziuzidwa zoona monga munthu wamkulu.

Apa mpamene tinakhala cete. Pakhomopo aliyense ali ndi cake cimene wakwirira. Marko anapatukana ndi mkazi wake, koma kwao sanachulepo. Nchito ya Jakob siikuyenda, ngongole zamufika m'khosi. A Günter ali ndi mkazi wina kumbali. Onsewa ati amabisa pofuna kuteteza amai. Ife tiona kuti cifundo cotere cinali kutetezanso eni ake, pakuti matenda a amai ndiwo anawapatsa cifukwa ca kusaulula zolakwa zao. Mzimai amene anabala ana awiri ndi kuwalera anasanduka mlendo m'nyumba yake, womwetuliridwa ndi onse koma wosauzidwa kanthu. Corinna Harfouch asewera mbali imeneyi mofatsa, popanda kukuwa, ndipo nkhope yake poyamba kuzindikira zimene zinabisidwa njovuta kuiiwala.

Tisamvane molakwa: filimuyi siilimbikitsa wodwala kuleka mankhwala popanda uphungu wa dokotala, ndipo ifenso sititero.

Zobisika zitayamba kutuluka, a Gitte acoka pakhomo osatsazika. Galimoto lao lipezeka pafupi ndi nkhalango. Apolisi afunafuna, Marko nayenso alowa m'nkhalangomo usiku kuitana amai ake. Filimuyi ifika kumapeto a Gitte asanapezeke.